Khamu la Loweruka ku Oxford, Mississippi

Anzanga aphunzitsi a Histole, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero tiyeni tipite kutali pang'ono, ku tauni ina yaing'ono ya ku America yotchedwa Oxford. Iyi si Oxford ya ku England ija ayi. Ili kumpoto kwa chigawo cha Mississippi, ndipo kalembera wa 2020 anapeza kuti mumakhala anthu ongopitirira pang'ono 25,000. Koma pamphepete pa tauni imeneyi pali yunivesite, University of Mississippi, imene bwalo lake la mpira lili ndi malo a anthu 64,038. Tauni yonse ingalowe m'bwalomo kawiri, mipando n'kutsalabe.

Mpira wake si wathuwu wa Bullets ndi Wanderers. Ndi uja wowulungika ngati dzira, wogwira ndi manja, osewera 11 mbali iliyonse atavala zisoti ndi zotchinga m'mapewa. Matimu a akatswiri amasewera Lamulungu, koma Loweruka ndi la mayunivesite. Ku Mississippi kulibe timu ya mu ligi yaikulu ya NFL, ndiye mtima wonse wa anthu uli pa matimu a sukulu. Timu ya ku Oxford imasewera pakhomo masewero pafupifupi 7 pachaka, ndipo tsiku lililonse la masewero anthu amabwera kuchokera m'chigawo chonse: alimi, maloya, andale, agogo amene anaphunzira pomwepo zaka 50 zapitazo atagwira dzanja zidzukulu zawo.

Tikamaphunzitsa za kulimbana kwa anthu akuda a ku America pofuna ufulu wawo, timathamangira kwa Martin Luther King, kwa Rosa Parks, ndi ku zigamulo za makhoti. Kubwalo la mpira sitisuzumirako n'komwe. Ine ndikuona kuti ku Mississippi nkhani yaikulu inachitikira kumeneko. Khamu la Loweruka ndi limene linkauza andale zochita, ndipo pamene zinthu zinayamba kusintha, zinasinthira m'khamu lomwelo. Mbiri yake mungaiwerenge pongoyenda wapansi mtunda wosakwana kilomita imodzi, kuchokera pakati pa yunivesite kukafika pachipata cha bwalo.

Ulendowo umayambira pamalo otchedwa The Grove, kankhalango ka maekala 10 ka mitengo ikuluikulu ya oak, elm ndi magnolia. Lachisanu madzulo anthu amakhala atayamba kale kulimbirana malo. Pofika Loweruka m'mawa udzu suoneka, pali matenti okhaokha ofiira ndi abuluu. M'matentimo muli matebulo oyalidwa nsalu, maluwa, nkhuku yokazinga, zakumwa, ena mpaka amapachika nyali zagalasi zija za m'mahotela. Anyamata amavala mataye, atsikana madiresi a paukwati. Kale anthu ankalowa ndi magalimoto n'kumadyera kumbuyo kwa galimoto, koma mu 1991 mvula inasandutsa malowo matope, magalimoto analetsedwa, matenti n'kulowa m'malo. Kukatsala pafupifupi maola awiri kuti mpira uyambe, osewera amadutsa pakati pa chinamtindicho popita kubwalo, anthu akuwagwira m'manja ndi kuwaimbira. Mwambo umenewu anauyambitsa ndi kochi Billy Brewer mu 1983. Mu 1998 anaimika chipata chachitsulo poyambira njirayo, cholembedwa kuti Walk of Champions, ndipo inali mphatso yochokera kwa osewera a timu ya 1962. Chaka chimenechi chisungeni, tibwererako.

Kuti muone mmene mpira unalowerera anthuwa m'magazi: liwiro lovomerezeka la galimoto m'misewu yambiri ya pa yunivesiteyi ndi mamailosi 18 pa ola, osati 15 kapena 20, chifukwa Archie Manning, katswiri wawo wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ankavala jezi nambala 18.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Moyandikana ndi The Grove pali bwalo lina la udzu lozungulira lotchedwa The Circle, ndipo kumapeto kwake kuli nyumba ya nsanamira zoyera, Lyceum, yomwe ndi yakale kuposa zonse pasukulupo. Inatsegulidwa mu 1848, ndipo ena mwa amene anaimanga anali akapolo. Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1861, pamene zigawo za kumwera zinapanduka pofuna kusunga ukapolo, pafupifupi ophunzira onse anasiya mabuku n'kulowa usilikali. Gulu lawo, University Greys, linathera pa nkhondo ya ku Gettysburg mu 1863: aliyense amene analowa m'nkhondo tsiku lomaliza anaphedwa kapena kuvulazidwa. Nyumba za yunivesite zinasanduka chipatala, ndipo asilikali mazanamazana amene anafera pomwepo anaikidwa m'manda amene alipobe kumbuyo kwa sukuluyo.

Polowera mu The Circle panaima chipilala cha mwala wa mabo chotalika pafupifupi mamita 9, pamwamba pake pali msilikali wa kumwera atagwira mfuti. Funso limene ndimakonda kufunsa ana a Folomu 4 pa chipilala china chilichonse ndi lakuti: chinamangidwa liti, ndipo ndani ankalamula nthawi imeneyo? Nkhondo inatha mu 1865. Chipilalachi chinaimikidwa mu 1906, patapita zaka 41. Pakati apo, mu 1890, Mississippi inalemba malamulo atsopano oyendetsera chigawo amene analanda anthu akuda mwayi wovota pogwiritsa ntchito msonkho ndi mayeso a kuwerenga, ndipo mu 1894 inaika chizindikiro cha asilikali opanduka aja pa mbendera yake. Chipilalacho chinali cholira maliro, inde, koma chinalinso chikwangwani chouza aliyense wolowa pachipata kuti eni malo ano ndani.

Ngakhale dzina limene aliyense amaitchulira sukuluyi, Ole Miss, lili ndi mbiri yomweyo. Linayamba mu 1897 ngati dzina la buku lapachaka la ophunzira, ndipo amene analipereka, Elma Meek, anadzafotokoza yekha kuti ndi mmene akapolo ankatchulira mkazi wa mwini munda. Mu 1936 timu inapatsidwa dzina loti Rebels, kutanthauza opanduka. Mbendera ya opandukawo inadzaza bwalo la mpira kuyambira cha mu 1948, chaka chimene andale a kumwera anagalukira chipani cha Democratic chifukwa Pulezidenti Truman anayamba kukamba za ufulu wa anthu akuda. Mbenderayo inabwera ku mpira monga yankho pa mkangano wa nthawi imeneyo, si kuti inangotsalira kuchokera kwa makolo. Gulu loimba la sukulu linkaimba nyimbo ya Dixie, khamu n'kumakupiza timbendera masauzande.

Wakuda sankaloledwa kuphunzira pamenepa. Zimenezi zisatidabwitse: Dr. Kamuzu Banda anatsiriza maphunziro a udokotala mu 1937 ku Meharry Medical College ku Nashville, m'chigawo choyandikana cha Tennessee, ndipo imeneyo inali sukulu ya anthu akuda chifukwa kumwera konse masukulu anali osiyanitsidwa chomwecho. Khoti lalikulu la America linagamula mu 1954 kuti tsankho m'masukulu a boma n'losemphana ndi malamulo, koma Mississippi inangokhala ngati sinamve.

Mu Januwale 1961 James Meredith, mbadwa ya ku Kosciusko m'chigawo chomwecho, amene anatumikira zaka 9 m'gulu la asilikali a m'ndege, analembera kalata yunivesiteyi kupempha malo. Anamukana. Mothandizidwa ndi Medgar Evers wa bungwe la NAACP ndi loya Constance Baker Motley anakasuma, ndipo mu Sepitembala 1962 makhoti analamula kuti alembedwe. Bwanamkubwa wa chigawo, Ross Barnett, anapita yekha kukamutsekera khomo kawiri konse, ndipo wachiwiri wake anachitanso chimodzimodzi kachitatu. Chimene anthu a ku Mississippi sankadziwa n'chakuti Barnett yemweyo ankaimbirana mafoni mwamseri ndi Pulezidenti John Kennedy ndi mng'ono wake Robert, amene anali mkulu woona za malamulo, kufunafuna njira yogonjera popanda kuoneka kuti wagonja. Loweruka pa 29 Sepitembala anagwirizana kuti Meredith akalembedwe mwakachetechete mumzinda wa Jackson, Barnett ali ku Oxford, kenaka iye adzanamizire kuti amupusitsa.

Usiku wa tsiku lomwelo kunali mpira. Ole Miss inkasewera ndi Kentucky, osati ku Oxford koma pa bwalo lalikulu la ku Jackson, likulu la chigawo, ndipo munali anthu oposa 40,000. Nthawi yopumulira itakwana, anatambasula chimbendera chachikulu cha opanduka pakati pa bwalo, khamu n'kuyamba kufuula kuti likufuna Ross. Barnett anatsika, anaima pa chimkuzamawu, anakweza chibakera m'mwamba. Sanalankhule zambiri. Anangoti amakonda Mississippi, amakonda anthu ake, miyambo yake ndi cholowa chake. Dzina la Meredith sanalitchule, ndipo panalibe chifukwa cholitchulira, aliyense anamva. Phokoso limene linatsatira anthu amene analipo analikumbukira moyo wawo wonse, ena mwa iwo mwamanyazi. Ole Miss inapambana 14 kwa 0. Usiku womwewo Barnett anatumiza uthenga ku Washington kuti pangano lija lafa.

Taganizirani bwino pamenepa. Munthu amene masana anavomera kugonjera lamulo, usiku anabwerera m'mbuyo ataona nkhope 40,000 zikumuimbira. Sindikunena kuti popanda mpira umenewo kukanakhala mtendere, pakuti mawailesi ndi manyuzi anali atakolezera kale moto kwa masabata angapo. Koma bwalo la mpira linachita chinthu chimene nyuzi singathe: linasonkhanitsa anthuwo pamalo amodzi, aliyense anaona ndi maso ake kuchuluka kwa anzake, ndipo wandale anayeza kulemera kwawo ataima pakati pawo. Amene munakhalapo pa msonkhano wandale wa m'bwalo la zamasewero mukudziwa mmene munthu wofatsa amasinthira akakhala m'chigulu.

Lamulungu pa 30 Sepitembala madzulo, apolisi a boma la Washington anafika ndi Meredith pa ndege, anamubisa m'nyumba yogona ophunzira ya Baxter Hall, ndipo iwo anazungulira Lyceum kumene kunali ofesi yolembera ophunzira. Nthawi yomweyo ophunzira anali akubwerera kuchokera ku mpira wa ku Jackson, mitu idakali yotentha. Anadzaza The Circle. Kunayamba kutukwana, kenaka miyala, njerwa ndi mabotolo a petulo. Cha m'ma 8 koloko, pamene Kennedy ankayamba kulankhula pa wailesi yakanema kupempha bata, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi. Usiku ukukula kunafika anthu akuluakulu ochokera kutali, ena a m'zigawo zina, atanyamula mfuti. Edwin Walker, kazembe wankhondo amene anali atatula pansi udindo, yemwe mu 1957 anatsogolera asilikali oteteza ana akuda pa sukulu ya ku Little Rock, tsopano anakwera patsinde pa chipilala cha 1906 chija n'kumalimbikitsa ochita zipolowe. Anthu awiri anaphedwa: Paul Guihard, mtolankhani wa ku France wa Agence France-Presse, amene anawomberedwa kumsana, ndi Ray Gunter, mnyamata wa zaka 23 wokonza makina oimbira nyimbo, amene anangobwera kudzaonerera. Apolisi oposa 160 anavulala, 28 mwa iwo ndi zipolopolo. Kennedy anatumiza asilikali masauzande ambiri, ndipo m'mawa wa pa 1 Okutobala Meredith analowa mu Lyceum n'kulembetsa. Anatsiriza digiri yake mu Ogasiti 1963, akulonderedwa usana ndi usiku. Pofika nthawi imeneyo Medgar Evers anali ataphedwa kale pakhomo pake, mu Juni chaka chomwecho.

Nanga mpira? Sunaime. Masewero otsatira, ndi Houston, anawasamutsira ku Jackson chifukwa Oxford inali yodzaza asilikali. Timu ya kochi Johnny Vaught inapambana masewero onse 10 a chaka chimenecho, kuphatikizapo Sugar Bowl pa 1 Januwale 1963 pamene inagonjetsa Arkansas 17 kwa 13. Anali azungu okhaokha. Ndiwo amene anadzapereka chipata cha Walk of Champions chija, ndipo Vaught ndi mmodzi mwa anthu awiri amene bwalo la ku Oxford, Vaught-Hemingway Stadium, limatchedwa maina awo. Chaka chimene sukuluyi imanyadira kwambiri pa mpira ndi chomwecho chimene imachita nacho manyazi kwambiri.

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono. Wakuda woyamba kusewera pa mpira wa pakati pa matimu awiri a ligi yawo ya SEC anali Nate Northington wa Kentucky, ndipo anakumana ndi Ole Miss yomweyo pa 30 Sepitembala 1967, zaka zisanu zenizeni chichitikireni zipolowe. Ole Miss inatenga osewera akuda oyamba mu 1972, Ben Williams ndi James Reed. Williams anakondedwa mpaka ophunzira anamusankha kukhala Colonel Reb, udindo waulemu wotchedwa dzina la chidole cha timuyo, nkhalamba yachizungu ya ndevu zoyera, chipewa ndi ndodo, yooneka ngati mwini munda wa nthawi ya ukapolo. Mu 1982 John Hawkins, wakuda woyamba m'gulu lotsogolera kuchemerera, anakana kunyamula mbendera ya opanduka polowa m'bwalo. Anamuopseza, ndipo chaka chotsatira yunivesite inalengeza kuti mbenderayo si chizindikiro chake. Ochemerera anapitiriza kubwera nazo zawo.

Mu Okutobala 1989 wosewera wakuda, Chucky Mullins, anathyoka khosi pa masewero ndi Vanderbilt, ziwalo zonse n'kufa. Khamu lomwe lija linasonkha ndalama zoposa madola 1 miliyoni zomusamalira. Anamwalira mu 1991. Lero pali msewu wa dzina lake pafupi ndi mabwalo a zamasewero, ndipo osewera amakhudza chosema cha mutu wake polowa m'bwalo. Ndimaitchula nkhaniyi chifukwa sindikufuna muganize kuti anthuwa anali zilombo. Ankatha kumulirira mnyamata wakuda ndi mtima wonse dzanja lina litagwira mbendera imene inkanyoza agogo ake, ndipo ambiri sankaona vuto lililonse pamenepo.

Chimene chinachotsa mbendera m'bwalo si ulaliki. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pofika zaka za m'ma 1990 anyamata aluso ambiri a kumwera anali akuda, ndipo makochi a matimu ena ankangoonetsa makolo awo zithunzi za bwalo la ku Oxford n'kufunsa ngati angatumize mwana wawo kumeneko. Mu 1997 kochi Tommy Tuberville anauza ochemerera poyera kuti mbenderayo ikumulepheretsa kupeza osewera. Mkulu wa yunivesite, Robert Khayat, amene iyenso anasewerapo m'timuyo, anadziwa kuti kuletsa mbendera kungamugwetse kukhoti chifukwa cha ufulu wolankhula. Ndiye analetsa ndodo, timitengo ndi china chilichonse chosongoka, ati pofuna chitetezo cha oonerera. Mbendera yopanda kamtengo siikupizika. Ena anamuopseza kuti amupha, wina anakasuma n'kuluza, koma m'zaka zochepa mbenderazo zinazimiririka m'bwalo.

Zotsalazo zinagwa chimodzichimodzi. Chidole cha Colonel Reb chinachotsedwa pabwalo mu 2003. Mu 2006 anaimika chosema cha Meredith kuseri kwa Lyceum, akuyenda kulunjika pachipata chamwala, ngakhale mwini wakeyo ananena kuti sichimusangalatsa. Mu Febuluwale 2014 anyamata ena a pasukulupo anachimanga chingwe chonyongera m'khosi usiku, ndipo mmodzi anakakhala kundende miyezi 6. Mu 2015 yunivesite inatsitsa mbendera ya chigawo, mu 2016 gulu loimba linasiya Dixie. Mu Febuluwale 2019 magulu okonda mbendera yakale anachita chionetsero pa chipilala chija, osewera basketball 8 anagwada pansi poimbidwa nyimbo ya fuko posonyeza kukwiya, ndipo mwezi wotsatira nyumba ya oimira ophunzira inavota, popanda wotsutsa ndi mmodzi yemwe, kuti chipilalacho chisamuke.

Ngakhale mbendera ya chigawo chonse inagwa mothandizidwa ndi mpira. Mu 2001 anthu a ku Mississippi anavota kuti ikhalebe. Koma mu Juni 2020, George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis, ligi ya SEC ndi bungwe la NCAA anachenjeza kuti mipikisano yawo ikuluikulu sidzachitikira ku Mississippi mbenderayo ikadalipo. Kylin Hill, wosewera wa timu yopikisana nayo ya Mississippi State, analemba pa Twitter kuti sadzaimiranso chigawocho ngati saisintha. Makochi a mayunivesite anapita limodzi ku nyumba ya malamulo ku Jackson. Pa 28 Juni aphungu anavota, pa 30 Juni bwanamkubwa Tate Reeves anasaina. Mipingo ndi amalonda nawonso anakankha, sindikuwachotsera, koma mbendera imene inakhala zaka 126 inatsika pasanathe masabata awiri chilankhulireni akuluakulu a zamasewero.

Apa ndi pamene ine nkhaniyi imandisowetsa mtendere. Anthu akuda a ku Mississippi, amene ndi oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu onse m'chigawocho, anadandaula za zizindikirozi kwa zaka zambirimbiri, ena anafa kumene. Sanamvedwe. Anayamba kumvedwa pamene ana awo anakhala ofunika kuti timu ipambane Loweruka, ana amene mpaka 2021 malamulo a NCAA sankawalola kupeza ndalama ngakhale pa dzina lawo lomwe, pamene makochi ankalandira mamiliyoni. Kusinthako n'kwenikweni ndipo sindikukuchepetsa. Koma mukaona zithunzi za The Grove za masiku ano, yang'anani amene akudutsa pakati ndi amene aima m'mbali mwa njira: osewera ambiri ndi akuda, eni matenti ambiri ndi azungu. Ophunzira akuda pasukulupo sakwana 15 pa 100 alionse. Maina a Ole Miss ndi Rebels akadalipo, ndipo palibe chizindikiro choti achoka msanga.

Chipilala cha 1906 sanachigwetse. Pa 14 Julaye 2020 m'mamawa amisiri anachidula zigawozigawo, anachikweza pa magalimoto n'kukachiimika ku manda a asilikali aja, pakona yakutali ya yunivesite kumene alendo ambiri safikako. Zinapezeka kuti malo atsopanowo amaonekera kuchokera ku bwalo limene timu ya mpira imachitirako zokonzekera. Osewera atadandaula, akuluakulu a sukulu anaika chotchinga pakati kuti anyamatawo asamachione pochita masewero olimbitsa thupi.